Ana athu ku Harare amadziwa zilembo, koma buku likuwalemera

Zimbabwe ili ndi chinthu chimodzi chimene imanyadira ngakhale chuma chitagwa chagada: anthu ake ndi ophunzira. Mwa akuluakulu 10 alionse, pafupifupi 9 amadziwa kulemba ndi kuwerenga, ndipo ndi mayiko ochepa muno mu Africa amene amafika pamenepo. Ifenso olankhula Chichewa kuno ku Harare, ana ndi zidzukulu za anthu amene anachokera ku Nyasaland, ku Chipata ndi ku Tete, tili momwemo m'chiwerengerocho. Koma ochita kalembera safunsa zambiri. Iwo amangofuna kudziwa ngati munthu anapondako m'kalasi zaka zingapo zoyambirira, kapena ngati angathe kuwerenga kachiganizo kakafupi. Safunsa ngati munthuyo angakhale pansi ola lathunthu ndi nkhani ya masamba 30, n'kudzuka atamva chimene yanena, ataonanso pamene wolembayo akupita m'mbali. Luso lachiwirili ndi limene likuzilala pakati pa achinyamata athu, ndipo silioneka m'kalembera aliyense.

Ena amati ana a masiku ano sawerenga n'komwe. Zimenezo si zoona. Kwerani kombi ya ku Mabvuku kapena ya ku Mufakose nthawi yoweruka, muone mmene mitu yonse yaweramira pa foni. Akuwerenga mauthenga a pa WhatsApp, zigoli za mpira wa ku England, mtengo wa dola lero, nthabwala, maliro a m'gulu la mpingo. Mawu akudutsa m'maso mwawo ambirimbiri. Kungoti onsewo ndi zidutswa, mizere iwiri kapena itatu, yolembedwa mmene timalankhulira, Chishona, Chingerezi ndi Chichewa zitasakanikirana. Palibe pamene uthenga wa pa foni umakukakamiza kusunga ganizo la pa tsamba 4 mpaka ukalikumanize ndi la pa tsamba 19.

Kuti timvetse chifukwa chake kusiyanaku kuli kwakukulu, tione kaye mmene munthu amafikira podziwa kuwerenga. Kulankhula mwana amangokutola. Mukamulerera ku Dzivarasekwa pakati pa olankhula Chichewa ndi Chishona, pofika zaka zinayi amakhala akulankhula zonse ziwiri popanda amene anamukhazika pansi. Kuwerenga sikutero. Anthu anayamba kulemba zaka pafupifupi 5,000 zapitazo basi, ndipo ubongo subadwa ndi malo akeake owerengera. Umachita kubwereka mbali zoonera ndi mbali zomvera chilankhulo n'kuzilumikiza, ndipo kulumikizako kumafuna kubwereza kambirimbiri. Mwana amayamba kugwirizanitsa chilembo ndi liwu lake, kenako maphatikizo, ma me mi mo mu aja, kenako mawu athunthu. Akapitiriza, imafika nthawi yoti mawu akuwazindikira pongowaona, osachitanso kuwamanga chilembo ndi chilembo. Apa ndiye pagona nkhani. Mutu wa munthu umasunga zinthu zochepa kwambiri pa nthawi imodzi. Mwana amene akulimbanabe ndi kutchula mawu, mphamvu zake zonse zimathera pomwepo, moti akamafika kumapeto kwa chiganizo amakhala ataiwala mmene chinayambira. Mawu onse watchula bwinobwino, aphunzitsi achonga, koma mukamufunsa kuti nkhaniyo ikuti chiyani amangokuyang'anani pakamwa.

Palinso nkhani ya kuchuluka kwa mawu amene munthu akuwadziwa. Ofufuza za kaphunzitsidwe ka zilankhulo anapeza kuti munthu amamva nkhani payekha ngati akudziwa mawu 95 mpaka 98 pa mawu 100 alionse a m'nkhaniyo. Akapelewera pamenepo, mipata imachuluka ndipo tanthauzo limatayika. Tsono mawu ovutawo sapezeka m'macheza a pakhonde, pamene timangobwereza mawu omwe aja tsiku ndi tsiku. Amapezeka m'mabuku. Choncho mwana wowerenga amatola mawu atsopano, buku lotsatira limamuphwekera, amalikonda, amawerenganso lina. Mnzake amene anayamba movutikira amalithawa buku, satola mawu, buku la chaka chamawa limamukulira kuposa la chaka chino. Mu 1986 katswiri wa zamaganizo Keith Stanovich anafanizira zimenezi ndi mawu a pa Mateyu 25, akuti amene ali nazo adzamuwonjezera, ndipo amene alibe adzamulanda ngakhale zochepa zomwe ali nazozo. Mpata umayamba kuonekera cha m'Giledi 4, pamene sukulu imasiya kuphunzitsa mwana kuwerenga n'kuyamba kuyembekezera kuti iye aziphunzira sayansi, mbiri ndi masamu kudzera m'kuwerengako. Akuluakulu anati m'mera mpoyamba.

Chachitatu ndi mpweya, kutha kukhala ndi nkhani yaitali osatopa. Munthu amene sanagwire khasu chaka chonse, tsiku loyamba kumunda amatuluka matuza mizere iwiri isanathe, ndipo amaganiza kuti kulima si kwake, chonsecho manja ake angofewa chabe. Ndi mmene zimakhalira ndi wachinyamata amene wazolowera zidutswa za pa foni. Mukamupatsa buku, tsamba lachitatu wayamba kuyasamula, dzanja likufufuza m'thumba, ndiye amagamula yekha kuti iye si munthu wa mabuku.

N'kosavuta kuloza chala foni n'kuthera pomwepo. Ine ndimaona kuti kutero n'kudzipeputsira mlandu, chifukwa kuno ku Harare buku linatuluka m'nyumba zathu foni isanalowe.

Amene anakula m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990 akukumbukira mzinda wina. Dziko litangolandira ufulu mu 1980, boma linatsegula sukulu zambiri ndipo ana a anthu ogwira ntchito m'makhitchini, m'minda ya azungu ndi kunjanji analowa m'kalasi mwaunyinji. Bungwe la Literature Bureau, limene linayamba m'zaka za m'ma 1950, linkatulutsa timabuku ta nthano ta Chishona ndi Chindebele totsika mtengo, ndipo tinkayenda dzanja ndi dzanja mpaka chikuto kuthothoka. Kuyambira 1983 kunkachitika chionetsero cha mabuku cha Zimbabwe International Book Fair, chimene chinakula mpaka kumakoka olemba ndi osindikiza ochokera m'mayiko ambiri, ana asukulu atadzaza Harare Gardens. Bambo wobwera kuntchito ankafika ndi nyuzipepala m'khwapa, ndipo pepala lomwelo linkawerengedwa ndi nyumba zitatu lisanakakulungire tomato.

Zonsezi zinayamba kugwa chuma chitayamba kudwala. Literature Bureau inatsekedwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Pofika 2008 ndalama inali itasanduka mapepala, moti mu Januwale 2009 banki yaikulu inatulutsa ndalama imodzi ya madola 100 thililiyoni. Aphunzitsi ambiri anasiya choko n'kulowera ku South Africa ndi ku Botswana, ndipo ana ambiri chaka chimenecho sanaphunzire chilichonse chooneka. M'sukulu zambiri buku limodzi linkagwiridwa ndi ana khumi. Mu 2010, pa nthawi imene David Coltart anali nduna ya zamaphunziro, thumba la Education Transition Fund loyendetsedwa ndi UNICEF linagawa mabuku pafupifupi 13 miliyoni m'sukulu za pulayimale. Linali thandizo lalikulu, koma anali mabuku a m'kalasi a maphunziro ofunikira pa mayeso, osati a nthano. Ndipo taganizirani izi: ana amene anali m'Giledi 2 kapena 3 mu 2008, pa msinkhu weniweni wolumikiza zilembo uja, lero ndi amene akulera ana awoawo. Kholo limene silinakondepo buku silingaganize zogulira mwana buku pamene ufa watha.

Pitani pafupi ndi pokwerera makombi pa Copacabana kapena pa Market Square muone mmene msika wa mabuku ulili lero. Mabuku ayalidwa pansi pa saka, ena atapsinjidwa ndi mwala kuopa mphepo. Chikuto n'chowala ngati chenicheni, koma mukatsegula mupeza zilembo zotuwa za fotokope, zithunzi za sayansi zitada bii, masamba ena atasokedwa chadodolido. Mayi amaima, amatulutsa kapepala kochokera kusukulu, n'kufunsa kuti, "Achimwene, ili ndi la silabasi yatsopano?" Akamva kuti inde, amanenerera mtengo, amalipira, amapita. Sindimuweruza mayiyo, pakuti buku lenileni la m'sitolo ndi lodula kangapo. Koma taonani zimene zayalidwazo: mabuku a mayeso, mapepala a mayeso akale a bungwe la mayeso la ZIMSEC, timabuku ta mayankho, ndi mabuku olonjeza chuma ndi chipambano. Ndipo dola iliyonse yopita ku fotokope siifika kwa wolemba kapena wosindikiza. Osindikiza akaona kuti nthano sizibweza ndalama amangotsalira pa mabuku a sukulu, ena amatseka. Weaver Press, imene inatulutsa nthano zambiri za olemba a dziko lino kwa zaka 25, inalengeza zotseka mu 2023.

Sukulu nayo, mosafuna, yaphunzitsa ana kuti kuwerenga ndi chilango chimene munthu amapirira kuti akhoze mayeso. Mwana amachoka m'kalasi n'kupita ku maphunziro owonjezera olipira, kumene amakaloweza manotsi. Ngakhale buku la nthano limene lili pa silabasi, ambiri salimaliza. Amawerenga chidule chake chimene wina anatumiza pa gulu la WhatsApp, n'kuloweza mayina a anthu a m'nkhanimo ndi mfundo zisanu. Pamene kunabwera CALA mu 2021, ntchito zofufuza zimene ana ankapatsidwa kusukulu n'kupatsidwa malikisi, cholinga chinali chakuti ana azifufuza okha, koma tonse tinaona mmene zinathera m'makomboni: makolo ndi anyamata a m'mashopu a intaneti ndi amene ankalemba, mwana n'kungokopera. Zonsezi zinagwera pamwamba pa bala la COVID-19, pamene sukulu zinatsekedwa mu Malichi 2020 ndipo ana ang'onoang'ono anakhala miyezi yambiri osaona bolodi.

Nanga mwana wofuna kuwerenga awerengere kuti? Banja la anthu asanu ndi mmodzi likuchita lendi zipinda ziwiri ku Epworth kapena ku Mbare, wailesi ikulira, mphika uli pamoto, khanda likulira. Magetsi akazima madzulo n'kubwera pakati pa usiku, monga zinkachitikira mu 2019 madzi atachepa ku Kariba, chowala chokha m'nyumbamo ndi foni. Laibulale yaikulu ya mzinda, Harare City Library ya pa Rotten Row, ilipo kuyambira 1902, pamene inkatchedwa Queen Victoria Memorial Library. Koma mwana wa ku Tafara kuti akafikeko afunika ndalama ya kombi kupita ndi kubwera, ndipo amene amapitako ambiri amanyamula manotsi awo, akungofuna tebulo ndi bata.

Foni inafika m'nyumba yotereyi, yopanda buku, n'kupeza malo onse ali mbee. Ndipo tisaiwale kuti TikTok, Facebook ndi zinzake zinapangidwa ndi anthu anzeru amene amalemera munthu akachedwa pamenepo. Kavidiyo kakatha, kena kayamba kale usanaganize zochoka. Buku silingapikisane ndi zimenezo pa masamba oyambirira, chifukwa kukoma kwake kumabwera mochedwa. Ngakhale mitengo ya makampani a mafoni imakankhira komweko: kabandulo ka WhatsApp ndiko kamene aliyense amakwanitsa, ndipo kwa anthu ambiri intaneti yonse ndi WhatsApp basi.

Kuti si umphawi wokha, tikuonera mayiko olemera. Ku Britain, bungwe la National Literacy Trust linapeza mu 2024 kuti mwa ana ndi achinyamata atatu alionse, mmodzi yekha ndi amene amasangalala kuwerenga pa nthawi yake yopuma, chiwerengero chimene pa nthawiyo chinali chotsikitsitsa chiyambire kafukufukuyo mu 2005. Kungoti kwathu kuno vutoli lapeza pofewa kale. Mu 2022 World Bank ndi mabungwe anzake anayerekeza kuti kum'mwera kwa chipululu cha Sahara ana 89 pa 100 alionse a zaka 10 sangathe kuwerenga kankhani kosavuta n'kukamvetsa. Ku South Africa, kumene abale athu ambiri amathamangira, mayeso a PIRLS a 2021, oyesa luso la kuwerenga m'mayiko osiyanasiyana, anaonetsa kuti ana 81 pa 100 a Giledi 4 samva zimene akuwerenga, ngakhale m'chilankhulo chimene amaphunzirira.

Ife a Chichewa tili ndi mtolo wina wowonjezera. Makolo athu amene anabwera pa magalimoto a ulere a boma kapena kudzera kwa Mthandizi, bungwe lolemba anthu ntchito, ambiri anaphunzira kuwerenga m'sukulu za mishoni kwawo, m'chilankhulo chawo. Ankalemba makalata opita kumudzi, ndipo wodziwa kuwerenga ankawerengera anzake m'komboni. Buku Lopatulika, limene linatuluka mu 1922, linali m'sutukesi ya pafupifupi aliyense wopemphera, pamodzi ndi buku la nyimbo. Mpingo wa CCAP unawatsatira kuno mpaka kukhala sinodi payokha mu 1965, ndipo kwa zaka zambiri tchalitchi ndiyo inali sukulu yathu ya Chichewa cholembedwa. Lero gawo 6 la malamulo oyendetsera dziko a 2013 likutchula Chichewa pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka, ndipo pa National FM timachimva. Koma mwana wathu wa ku Mufakose kusukulu amaphunzira kuwerenga Chishona ndi Chingerezi, ndipo mungazungulire mashopu a mabuku m'tauni tsiku lonse osapeza kabuku ka nthano ka Chichewa.

Zotsatira zake timaziona m'nyumba. Agogo atenga Baibulo lawo lakale, masamba ofiirira, n'kuitana mdzukulu wa Fomu 2. "Tandiwerengere Salimo 23, mwanawe, maso angawa achita nkhungu." Mtsikanayo ndi wanzeru, Chingerezi amakhoza, Chichewa amachimva chonse ndipo amayankha agogo ake bwinobwino. Koma akayang'ana tsambalo amadodoma. Pamene palembedwa "ph" akutchula ngati f wa Chingerezi, "l" akumutembenuza kukhala "r", mawu aatali akuwadula pakati. Azing'ono ake ayamba kuseka. Pofika vesi lachitatu wabweza bukulo. "Agogo, ndikupezereni la pa foni lochita kulankhula." Chomvetsa chisoni n'chakuti Chichewa chimalembedwa mmene chimatchulidwira, ngati Chishona chomwe, moti mwana wodziwa kale kuwerenga Chishona angachizolowere m'masabata ochepa. Palibe amene anamukhazika pansi, basi.

Tsono wina angafunse kuti, ngati mwana akukhoza kugulitsa, kutumiza ndalama pa EcoCash ndi kuyankha mauthenga, vuto lili pati? Yankho loyamba lili pa mayeso omwewo amene timawalambira. Zaka zaposachedwapa, mwa ana atatu alionse olemba O Level ndi mmodzi yekha, mwinanso osakwana, amene amakhoza maphunziro asanu. Zifukwa n'zambiri, koma aphunzitsi a masamu ndi sayansi adzakuuzani kuti ana ambiri amagwa asanayambe n'kuwerengera komwe, chifukwa funso lenilenilo sanalimve.

Yankho lachiwiri ndi limene ife tiyenera kulidziwa kuposa wina aliyense, chifukwa moyo wathu m'dziko lino wakhala ukulamulidwa ndi mapepala aatali. Lamulo la unzika litasinthidwa mu 2001, anthu obadwira konkuno koma makolo awo ochokera kunja anapatsidwa miyezi isanu ndi umodzi kuti akane unzika wa dziko limene ena sanalipondeko n'komwe. Ambiri sanamve, ena anamva mochedwa, ndipo anatsala ndi zitupa zolembedwa kuti ndi alendo, osaloledwa kuvota. Malamulo a 2013 anakonza zimenezi pa gawo 43: munthu amene anabadwira m'Zimbabwe malamulowo asanatuluke, kholo lake lili nzika ya dziko la m'bungwe la SADC, ndipo iye ankakhala konkuno, ndi nzika mwa kubadwa. Ndime imeneyi si yaitali, koma ndi yolembedwa m'chilankhulo cha malamulo, chiganizo chimodzi chokhala ndi nthambi zingapo. Banja limene lili ndi mwana wotha kuiwerenga modekha, n'kuifotokozera agogo m'Chichewa, n'kukaima nayo pa kauntala ya ku ofesi ya zitupa osagwedezeka, limasiyana kutali ndi banja limene likudalira zimene anamva kwa aneba.

Ndi chimodzimodzi ndi pangano logulira sitandi kwa anthu ogulitsa malo amene si awo, nyumba n'kudzagwetsedwa patapita zaka. Ndi chimodzimodzi ndi fomu ya ngongole ya katapila, ndi kontilakiti ya ntchito ya kunja imene mtsikana amasaina mothamanga chifukwa waona malipiro pa tsamba loyamba. Wofuna kukubera saika msampha pa mzere woyamba. Amauika pa tsamba lachisanu, m'zilembo zing'onozing'ono, podziwa kuti sufikako. Ndiponso munthu amene sanazolowere kutsatira mfundo yaitali, kuona ngati mapeto akugwirizana ndi chiyambi, ndi amene amakhulupirira msanga uthenga uliwonse wotumizidwa kambirimbiri, kaya ndi wa mankhwala ochiza matenda onse kapena wa kampani yochulukitsa ndalama pa sabata.

Pali chinthu chimodzi chimene chimandiletsa kutaya mtima. M'magulu a WhatsApp muli olemba a konkuno amene amatulutsa nthano zazitali, mutu umodzi lero, wina mawa, ndipo owerenga, makamaka atsikana ndi amayi achichepere, amalipira kandalama kuti alandire mitu yomaliza. Zambiri ndi za chikondi, mitala ndi ufiti, kalembedwe kake nthawi zina n'kosokonekera, ndipo aphunzitsi ena amazinyoza. Ine sindizinyoza. Munthu amene wadikira mutu 40 wa nkhani ali ndi mpweya uja tikuufunawu. Njala ya nthano ilipo, ndipo zambiri mwa nthanozi zili m'Chishona, chilankhulo chimene owerengawo amalota nacho. Za Chichewa zolembedwa ndi ana a ku Mabvuku, zonena za moyo wa kuno, ndi zimene tikuzisowa, ndipo kuziyamba sikufuna makina osindikizira.

Kunyumba, chimene ofufuza amagwirizana kwambiri n'chakuti kuwerengera mwana mokweza, asanayambe n'komwe sukulu, kumamupatsa mawu ndi kumuzoloweza kamangidwe ka nkhani. Mphindi 15 madzulo zikwanira, m'chilankhulo chilichonse chimene kholo limamasuka nacho, chifukwa luso lowerenga likakhazikika m'chilankhulo chimodzi limasamukira ku chinzake. Amabasi odutsa pa Nyamapanda, Tete ndi Mwanza amatibweretsera mpunga wa Kilombero, usipa ndi zitenje mwezi ndi mwezi. Wachibale yemweyo angaponyemo timabuku tiwiri ta Chichewa ta ku pulayimale, ndipo Sande sukulu kapena madrasa ingakhale ndi katoni imodzi yobwereketsa.

Kwa mwana wamkulu kale, yambani mwadziwa pamene pali vuto. Mupatseni ndime imodzi ya m'buku la kalasi lake awerenge mokweza, kenako atseke bukulo akuuzeni m'mawu akeake, m'Chichewa kapena m'Chishona, zimene wamva. Ngati akukakamira pa mawu, akudumpha ena, akutha mpweya pakati pa chiganizo, ndiye kuti maziko aja sanalimbe. Ameneyo musamukalipire kapena kumuwonjezera manotsi. Mubwezereni ku timabuku tophweka, ta kalasi yotsika, awerenge nkhani imodzi katatu kapena kanayi mpaka iziyenda yokha, ndipo muchite zimenezi azing'ono ake asakuona. Ngati akuwerenga mosadodoma koma sangathe kufotokoza, vuto ndi mawu: imani naye pa mawu amene sakuwadziwa, mukambirane, ndipo mumufunse mafunso a "chifukwa chiyani" m'malo mwa "ndani". Ngati zonse ziwiri akutha koma buku salifuna, musiyeni asankhe yekha chowerenga, kaya ndi mbiri ya wosewera mpira kapena nthano za pa WhatsApp zomwezo, bola chikhale chachitali, ndipo pa theka la ola limenelo foni yake ndi yanu yomwe zikhale m'chipinda china.